Nkhumba pa Tsamba la a Abacar

M'chipinda chakuseri kwa nyumba ya Sidónio ku Moatize munkakhala kompyuta imodzi yakale, yolira ngati chigayo, yodetsedwa ndi fumbi la malasha. Mwiniwake ankaiyatsira fani tsiku lonse, iye thukuta lili kamukamu. Kampani ya mgodi itachepetsa antchito, Sidónio anatulukako ndi zinthu ziwiri: kompyutayo, imene anaitola pamene ankataya zakutha, ndi dzina loti injinyero, limene anadzipatsa yekha. Kumgodiko ntchito yake inali yokoka mawaya, koma mukanamumva akudzitama pokwerera shapa, maminibasi a kumeneko, mukanayesa kuti intaneti anaibweretsa ku Tete ndi iyeyo.

Pa kompyuta imodziyo anasungapo masamba a pa intaneti a amalonda asanu ndi anayi. Alendo onse ankadzera pa pulogalamu imodzi yotchedwa proxy, imene imagwira ntchito ya mlonda wa pageti. Munthu akalemba dzina la tsamba pa foni yake, mlondayo amayang'ana pa mndandanda wa mayina n'kumulozera kumene kuli tsambalo. Koma mlonda ameneyu ali ndi khalidwe lake: dzina likasowa pa mndandanda sabweza mlendo, amangomukankhira kwa amene walembedwa poyamba. Woyamba pa mndandanda wa Sidónio anali Firmino, mwini bala, yemwe tsamba lake linali mabotolo a mowa okhaokha ndi nkhumba yootcha ya Loweruka.

Raquel, mkazi wa mkulu wake wa Sidónio, anaphunzira ntchito yomweyi kusukulu ku Tete. Tsiku lina atasuzumira pa kompyutayo, anapukusa mutu.

"Alamu, pamwamba apa ikanipo tsamba lopanda kanthu, longonena kuti dzinalo kulibe. Ndipo musanasinthe chilichonse muzisunga kaye mndandanda wakale pambali. Mukamaliza muziyesa masamba onse, limodzi ndi limodzi."

Sidónio anaseka mpaka kuonetsa la m'mbali. "Alamu, inu zanu ndi za m'mabuku. Ine ndagwira ntchito ndi azungu. Zonsezi zili m'mutu muno."

Raquel anangoti chabwino, n'kunyamula chikwama chake.

Mmodzi mwa asanu ndi anayi aja anali a Abacar a ku Zóbuè, pamalire ndi Malawi. Bambo amenewa anali ndi malo odyera ndi ogona kufupi ndi pamene magalimoto akuluakulu amandandalika podikira mapepala. Kwa zaka makumi awiri madalaivala achisilamu ankadya pa malo awo osafunsa kuti mbuzi wazinga ndani, chifukwa dzina la a Abacar linali lokwanira. Tsiku limene anabwera kudzapangitsa tsamba, analankhula mawu ochepa.

"Ine zamakinazi sindizidziwa, mwana wanga. Chimene ndikukusungitsa ndi dzina langa. Munthu akalitsegula aone chakudya choyera ndi malo oswalira, basi."

"Musade nkhawa, bambo, muli m'manja mwa injinyero," anatero Sidónio akudziguguda pachifuwa.

Kutatsala sabata kuti Ramadani iyambe, kunabwera kasitomala wachikhumi, wogulitsa matayala. Sidónio anachita ulesi kulemba zatsopano. Anatsegula pamene panalembedwa za a Abacar kuti atengerepo chitsanzo, n'kufufuta dzina lawo, n'kuikapo la wamatayala, ndipo m'malo mosunga pambali anasunga pomwepo. Anayesa tsamba la matayala, linatseguka bwinobwino. Enawo sanawayese, poti katswiri sayesa kawiri. Anavala malaya n'kupita kwa Firmino kukafotokozera anthu mmene ntchito ya ola lathunthu amaimalizira pa mphindi zisanu.

Tsiku lomwelo a Abacar anatumiza dzina la tsamba lawo m'magulu onse a madalaivala pa foni, ngakhalenso kwa akuluakulu a kumzikiti, ndi uthenga woti mwezi wosala ukubwerawu onse adzafuturu kwawo, kudya chakudya chamadzulo chomasulira kusalako. Aliyense amene anatsegula, mlonda uja anafufuza dzina la a Abacar osalipeza, n'kumukankhira kwa Firmino. Pamwamba pa foni pankaoneka dzina la a Abacar, pansi pake nkhumba ili gone pa waya, mowa utaizungulira.

Masiku anayi anadutsa popanda wowauza. Anthu ndi otero, nkhani yamanyazi amaiyendetsa kumbali, mwiniwake n'kukhala womaliza kuimva. A Abacar ankangodabwa kuona madalaivala amene anawadyetsa zaka zambiri akuwapatsa moni wa patali n'kukadya kwina. Lachisanu atatuluka mumzikiti, mkulu wina anawakokera pambali n'kuwaonetsa foni. A Abacar anaiyang'ana nthawi yaitali. Chiwabadwire anali asanachitepo manyazi otero.

Ataimbira Sidónio, yankho linabwera msanga. "Ndi foni yanu imeneyo, bambo. Netiweki ya kumalire imasakanikirana ndi ya ku Malawi."

A Abacar sanatsutse. M'mawa mwake anakwera shapa, n'kutsika mapiri a Zóbuè mpaka m'ng'anjo ya Moatize, ndipo anakaima pakhomo pa chipinda chija. "Tsegula pa makina akowo, tione limodzi."

Nkhumba ija inatulukanso, pa netiweki ya injinyero mwiniwake. Sidónio anafufuza mndandanda, za a Abacar osazipeza. Wakale sanasunge. Za m'mutu zija zinali zitauluka. Anayamba kulemba mongoganizira, zala zikuterereka ndi thukuta, ndipo atalamula mlonda kuti ayambirenso, mlondayo anakana kudzuka. Masamba onse khumi anazima nthawi imodzi. Foni inayamba kulira: wa matayala, wa saluni, ngakhale Firmino, amene anali atatopa kale ndi kutukwanidwa ndi madalaivala osawadziwa. Injinyero wathu, ali ngati nkhuku yonyowa, anaimbira mlamu wake ndi mawu aang'ono.

Raquel anabwera n'kukoka mpando. Ola lisanathe masamba onse anali atabwerera, la a Abacar likuonetsa mpunga wawo ndi mikeka ya swala.

"Zakonzeka, bambo," anatero.

"Mwakonza, mama, zikomo," anayankha a Abacar. "Koma amene aona nkhumba pansi pa dzina langa, muwafufuta bwanji m'maso? Chotsanimo dzina langa m'nyumba muno." Bamboyo sanamuyang'ane n'komwe Sidónio.

Ramadani imeneyo mikeka yambiri kwa a Abacar inakhala yopinda. Ena anamvetsa kuti linali vuto la makina, koma ena mpaka lero amati utsi sufuka popanda moto, ndipo akafika pa Zóbuè amafunsa kaye za nyama, funso limene kale kunalibe. Amalonda enawo anasamutsira masamba awo kwa Raquel mwezi usanathe. Sidónio tsopano amagulitsa zikuto za mafoni pokwerera shapa, ndipo amene angamupatse khutu amamufotokozera kuti pulogalamu ija inali yolakwika chipangidwire. Anthu amangomuyang'ana n'kukwera galimoto, poti akuluakulu ananena kale kuti ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.