Hutala ya a Mangulenje

Tasenderani kuno, achimwene, mumve. A Mangulenje anali ndi pikapu yakalekale, hutala yake yobwera nayo kufakitale, yolira ngati ng'ombe yachimfine. Ina yotero kunalibe. A Chidzanja, eni esiteti imene ankalimapo fodya, anati, "Imeneyo imasuleni, ikhale pa galimoto yanga."

"Tengani, bwana. Koma mukaiyesere pamsika Loweruka, anthu akaimve."

Kenako a Mangulenje anazungulira kuuza amayi kuti akangomva hutalayo, ulendo wa kuchigayo ndi waulere.

Loweruka bwana atangoiliza, kumbuyo kunadzaza amayi ndi matumba a chimanga, apongozi a bwanawo atakhala pamwamba. Apongozi ungawatsitse? Bwana anaweruka kuchigayo dzuwa litapendeka, ali mbuu ndi ufa.

Lolemba hutala inabwerera kwa a Mangulenje ili m'jumbo.

"Si yakufakitale iyi," anatero bwana.

"Mwaidziwa, bwana," anayankha a Mangulenje, akuimangiranso.

Mukakumana ndi mnzanu panjira, mumuuzeko.