Mbale Ziwiri za Ana a Esinta

Kalekale, ngakhale si kale loti anthu nkuiwala, kumudzi wina kuseri kwa mapiri a Dedza kunali mayi wina dzina lake Esinta. Anali ndi ana awiri aakazi, amapasa, Mwandida ndi Sigele. Anawo ankafanana kwambiri moti ngakhale bambo awo, Filimoni, ankayamba wayang'ana kachipsera ka pachibwano cha Sigele asanatchule dzina.

Anawo ali ndi zaka zisanu, Esinta anadwala. Ataona kuti sadzukanso, anaitanitsa mlongo wake Yotamu, yemwe anali mwini mbumba, ndi mng'ono wake Dorika, yemwe anakwatiwa ku tauni. Sananene zambiri.

"Anawa anabwera limodzi. Musawasiyanitse."

Onse awiri anavomera. Esinta anamwalira anthu atangokolola, ndipo chaka chimenecho zokolola zinali zochepa.

Maliro atatha, abale anakhala pansi. Filimoni anali mkamwini pamudzipo, choncho anamusudzula monga mwa mwambo, nkumukumbutsa kuti ana ndi a kuchikazi. Anatenga khasu lake ndi njinga, napita ku Kasungu kukalima fodya wa mwini esiteti. Yotamu anali ndi ana ake asanu ndi nkhokwe yosafika pakati. Dorika analibe mwana.

"Achimwene," anatero Dorika, "amuna anga akuti mmodzi. Awiri akana."

"Nanga mawu aja?"

"Ndi kwa kanthawi chabe. Zinthu zikakhala bwino ndidzabwera kudzatenga winayo."

Panalibe amene anafuna kusankha. Dorika anangotenga amene anali atagwira chitenje chake pa nthawiyo. Anali Mwandida.

Dorika ankaopa njala kuposa chinthu china chilichonse. Ali mtsikana, kamlongo kawo kotsiriza kanafera kumsana kwake m'chaka cha chilala, iye nkumayendabe nako osadziwa. Ankadziwanso maso a anthu: mwana wamasiye akaonda, sanena kuti wadwala, amati akumuzunza. Mwandida atafika ku tauni ankangolira, kuitana Sigele. Dorika anali ndi okala pakhomo, ndipo anapeza kuti mwanayo amatonthola akamupatsa mandasi ndi chakumwa chotsekemera cha m'botolo. Kuyambira pamenepo, akalira ankamupatsa. Akakhala chete ankamupatsanso, poopa kuti akuganiza za amayi ake. Mwanayo akati wakhuta, misozi inkalengeza m'maso mwa Dorika.

"Idya mwanangu. Ukasiya ndiye kuti kuno sukukufuna."

Mwandida ankadya. Masaya anadzaza, khosi linamira, ndipo amayi a kutchalitchi ankati, "Koma Dorika mwanayu mukumusunga." Kusukulu anzake anamupatsa dzina loti Abwana. Anasiya kusewera fulaye chifukwa mpira unkamupeza asanasunthe, ndipo ankakhala pamthunzi ndi kamgolo kake ka tchipisi.

Kumudzi mvula inakanika zaka zitatu zotsatizana. Magalimoto onyamula zakumwa za m'mabotolo ankafikabe pa tiledingi mlungu uliwonse, koma onyamula chimanga ankangodutsa. Yotamu ankapita kukagwira ganyu m'madimba a anthu ena nkubwera ndi madeya m'kathumba. Iye ankadya pomaliza, ndipo masiku ena ankangosamba m'manja kuti ana aone ngati wadya. Dorika akaimba foni, Yotamu ankachoka pagulu nkukaima kuseri kwa khola.

"Kwacha bwanji kumeneko, achimwene? Nanga Sigele?"

"Tonse tili bwino. Akusewera uko."

Mwini mbumba akanayamba bwanji kupempha kwa mlongo wake wamng'ono, chakudya chogulidwa ndi mwamuna wa kwina? Dorika naye ankamva yankho limene ankafuna kumva, ndipo sankafunsa kachiwiri.

Sigele ataonda kwambiri, anapita naye ku chipatala chaching'ono cha m'deralo. Anamupatsa timapaketi ta chiponde, chakudya cha mtedza chimene amapatsa ana onyentchera. A zaumoyo anachita kubwereza: "Awa ndi mankhwala. Adye yekha." Koma m'nyumba ya Yotamu ana ankadyera mbale imodzi chibadwire. Yotamu anamukhazika Sigele kuseri kwa nyumba ndi kapaketi kake, ndipo posakhalitsa mwanayo anabwerera kapaketiko kali kosatsegula.

"Amalume, Dziwani akulira."

Dziwani anali mwana wotsiriza wa Yotamu, wamng'ono pa ana asanu aja. Sigele anang'amba kapaketiko nkufinyira pang'ono pa chala cha mwana aliyense, iye nkunyambita chotsala. Yotamu anaona, anatsegula pakamwa, kenako anayang'ana kumbali. Tsiku lililonse zinkatero. Dziwani, yemwe anthu anali atayamba kale kumunong'ona kuti sachira, anapulumuka. Sigele anatupa mapazi, anatupa nkhope, tsitsi linafiira nkuyamba kuthothoka. Akuluakulu a pamudzi anati imeneyi ndi tsempho, matenda ogwira mwana kholo lake likalakwira mwambo wa m'nyumba, ndipo anatumiza uthenga kwa Filimoni kuti abwere adzaulule zimene wachita.

Filimoni anali asanapondepo pamudzipo chimusudzulireni. Palibe amene anamuletsa, palibenso amene anamuitana, ndipo manyazi anamusunga kutali. Uthengawo unamupeza fodya atangoyamba kupsa. Kapitawo anamuuza kuti akachoka asanathyole, thukuta lake la chaka chonse latha, ndipo asadzabwerenso. Filimoni anapalasa njinga osatembenuka. Atafika anagwada, nkudinda phazi la Sigele ndi chala. Pamene anadinda panatsala dzenje.

"Alamu, iyi si tsempho. Ndi njala."

"Mwabwera kudzatiphunzitsa njala ifeyo?" anatero Yotamu.

"Mukanandiuza."

"Mukanafunsa."

Filimoni anapempha chitenje, nabereka mwanayo kumsana ngati mayi, anthu akuyang'ana, nkukwera njinga. Yotamu anatsatira wapansi. Ku chipatala chaching'ono anawauza kuti magazi a mwanayo atha, akufunika ku chipatala chachikulu ku tauni, koma galimoto ya odwala inalibe mafuta. Filimoni anabwereka foni nkuimbira Dorika. Anamuuza zonse monga zinalili.

Dorika anasiya okala yosatseka. Anakakamiza mwamuna wake kutsitsa katundu wa anthu m'galimoto yake, nauyamba ulendo. Msewu wonse pobwerera anamufungata Sigele pamiyendo, akumudonthezera madzi a shuga pamilomo ndi chala, mpaka anafika naye akupumabe.

Ku chipatala chachikulu anafuna magazi. Magazi a Filimoni sanagwirizane ndi a mwanayo. Dorika a chipatala anamukana chifukwa magazi ake ankathamanga. Anatsala Yotamu.

"Mwadya lero, bambo?" anafunsa namwino.

"Ndadya, ndakhuta."

Anamuchotsa magazi. Potuluka anagwa pakhonde, ndipo anadzuka mawa lake ali pabedi. Sigele anatsegula maso.

Patapita masiku, Dorika anabwera ndi Mwandida kuti aone m'bale wake. Mwanayo anapuma kawiri pokwera masitepe, ndipo atafika anapempha madzi, nkupemphanso, nkupemphanso. Namwino anamuyang'anitsitsa.

"Mayi, mwanayu amamwa madzi chonchi masiku onse?"

"Ndi kutenthaku. Mwanayu sadwaladwala, muoneni thupi."

Namwino anamubaya chala nkuyeza. Tsiku lomwelo Mwandida anamugoneka pa bedi loyandikana ndi la Sigele. Anali ndi matenda a shuga, ndipo dokotala anati mtima wake ukunyamula katundu woposa msinkhu wake.

Amayi odikirira ana awo m'chipindamo sanakhulupirire. "Amapasa amenewa? Ndiye uyu anamudyera mnzake m'mimba," anatero wina, ena nkuseka. Filimoni anaima pakati pa mabedi awiriwo. Sankafunikanso kuyang'ana chipsera.

Anawo okha anadziwana nthawi yomweyo.

"Wakula," anatero Sigele.

"Iwe sunakule."

Anagwirana manja pa mpata wa pakati pa mabedi.

Dokotala analamula kuti Sigele azidya pafupipafupi, Mwandida azidya pang'ono, zopanda shuga ndi mafuta. Koma masiku ankapita, sikelo ya Sigele osakwera, shuga wa Mwandida osatsika. Tsiku lina masana namwino analowa mwakachetechete nkupeza Sigele akufinyira chiponde pa chala cha m'bale wake.

"Ukutani iwe?"

"Amandiyang'ana," anatero Sigele. "Munthu akamakuyang'ana sudya wekha."

"Nanga iwe, sunamve zimene ananena adokotala?"

Mwandida anaweramitsa mutu. "Sindimafuna. Koma ukakana chakudya munthu amalira."

Anawasiyanitsa zipinda. Onse awiri anasiya kudya. Mwandida anakomoka chifukwa mankhwala anamupeza m'mimba mulibe kanthu, ndipo mapazi a Sigele anayambanso kutupa. Anawabwezera pamodzi, namwino nkumakhala pakati pawo nthawi ya chakudya, kapaketi m'dzanja ili, kambale ka ndiwo zamasamba m'dzanja linalo. Anawo ankalira, iye osasuntha. Apo ndi pamene anayamba kuchira. Koma namwino sakanapita nawo kunyumba.

Tsiku lotuluka litafika, dokotala anaitana Dorika, Yotamu ndi Filimoni pakhonde.

"Mwaona nokha kuti kuwasiyanitsa sikutheka. Apite nyumba imodzi. Pakhale munthu mmodzi woti aziika mbale ziwiri, ina yodzaza, ina yochepa, tsiku ndi tsiku, ana akulira, iye osasintha. Mukalephera, mmodzi mudzamuika m'manda, ndipo sindingakuuzeni kuti adzakhala uti. Kambiranani. Mabediwa akufunidwa ndi ana ena."

Dorika anayamba. "Apite kwathu. Chakudya chilipo, chipatala chili pafupi, amuna anga avomera. Popanda galimoto ija Sigele akanafera panjira."

"Mlamu, m'chikwamamo muli chiyani?" anafunsa Filimoni.

Dorika anachifinya pachifuwa. Pepala lonyowa ndi mafuta linkaonekera pakamwa pa chikwamacho. Munali mandasi awiri.

"Dzulo Mwandida analira kwambiri," anatero motsitsa mawu. "Sindinamupatse. Ndangowanyamula."

Yotamu analankhula atatsamira chipupa, chifukwa miyendo inali isanalimbe. "Mbumba ndi yanga. Esinta anagona kwathu, ana ake akule akuona manda ake. Mwandida kumudzi aziyenda, azitunga madzi, thupilo litsika lokha. Magazi amene akuyenda mwa Sigele ndi anga."

"Adya chiyani, achimwene?" anatero Dorika. "Ndikakutumizirani thumba, lidyedwa ndi ana asanu ndi awiri. Ndikaimba foni mudzati tonse tili bwino."

"Ukufuna ndikanamuchotsa Dziwani chala m'kamwa?"



Filimoni anali atavula chipewa. "Ine ndine bambo wawo. Mudzi wonse unkati tsempho, ine ndinati njala. Kukana ndimatha, ndipo ndikhoza kuwakaniza ngakhale alire. Ndinataya ntchito chifukwa cha mwana ameneyu."

"Mukawagoneka kuti, alamu?" anafunsa Yotamu. "Munda mulibe, nyumba mulibe, ku esiteti anakuthamangitsani. Zaka zitatu osatumiza ngakhale moni. Dzulo Sigele amandifunsa kuti abambo a njinga aja ndi ndani."



Dorika anati mwina Filimoni akhale nawo ku tauni aziyang'anira mbale, koma onse ankadziwa kuti mwamuna wake sangasunge mkamwini wosudzulidwa m'nyumba mwake. Yotamu anati Filimoni abwerere kumudzi, koma malo a Esinta anali atagawidwa kale, ndipo akuluakulu amene anamunamizira tsempho anali adakali pomwepo. Pomaliza onse anagwirizana kuti afunse ana.

Anawapeza atakhala pa bedi limodzi, atavala zotulukira. Namwino anawafunsa mofatsa kuti akufuna kupita ndi ndani. Mwandida anatambasula dzanja nkugwira chitenje cha Dorika. Sigele anagwira malaya a amalume ake. Manja awo enawo anali ogwirana, ndipo sanawamasule. Filimoni anaima kumapazi kwa bedi. Pakhomo panali mayi wina atanyamula mwana wotupa mapazi, akudikira kuti bedilo lipezeke.

Nkhaniyi ine ndaifikitsa pamenepa, ndipo sindiipitiriza. Aliyense mwa atatuwa anapulumutsa moyo, ndipo aliyense anauika pangozi. Dorika ali ndi chakudya koma satha kumana mwana. Yotamu ndi mwini mbumba, anapereka magazi ake, koma nkhokwe yake ndi yopanda kanthu ndipo njala sainena. Filimoni amaona zoona ndipo amatha kukana, koma alibe poti nkuikapo mbalezo, ndipo ana sakumudziwa. Esinta anati asasiyane.

Inu amene mwamva, mukanakhala pakhomo paja, ana a Esinta mukanawapereka m'manja mwa ndani?