Chimanga cha Nangondo

Kwathu ku mapiri a Dedza, kumene ndinachokako kalekale, amasimba za mayi wina dzina lake Nangondo. Chaka china mayiyu anadwala chifuwa chachikulu. Asing'anga atalephera, anauza mwamuna wake Gwedeza kuti mkazi wakeyo safika nthawi yokolola.

Kuyambira tsiku limenelo Gwedeza anamutsekera m'nyumba poopa mphepo. Analetsa ana kuseka pabwalo. Abale ankabwera n'kukhala pakhonde atazolika, kumangonong'onezana.

M'mawa wina, chimanga chitayamba kukhwima m'munda, Nangondo anatuluka akutsamira ndodo.

"Wamwalira ndani pano?" anafunsa. "Ngati malirowa ndi anga, dikirani, mwiniwakene ndili ndi njala. Amuna anga, kandithyolereni mondokwa."

"Bwererani mukagone, aNangondo," anatero Gwedeza. "Mphepoyi ikuphani."

"Imfa ikudziwa pamene pali mphasa yanga. Ikandifuna ibwere kuno, indipeze ndikutafuna."

Gwedeza anapita kumunda, nabwera ndi chimanga chimodzi chokha, poti china chonse chinali chanthete. Anasonkha moto pabwalo n'kuchiyedzamiritsa pachikuni. Mbali imodzi itangofiira, Nangondo anachitenga n'kuyamba kutonola, zala zikupsa.

"Aa, ngati mwana! Dikirani chipse chonse, mudye bwino."

"Mwapangana nawo motowu?" anayankha mkaziyo akuuzira njere m'manja.

Anadya mizere itatu, wachinayi n'kupatsa mwamuna wake, kenaka anabwezera chimangacho pamoto. Posakhalitsa chikuni chija chinathyoka, chimanga n'kugwera pakati pa malawi. Pamene Gwedeza ankachivuula ndi kamtengo, n'kuti chitasanduka khala.

Nangondo anaseka mpaka kutsokomola. Abale aja anayesa kudzigwira, koma nawonso anaphulika.

"Mwaona?" anatero Nangondo akupukuta misozi. "Papsa tonola, sudziwa mtima wa moto."

Nangondo anamwaliradi anthu asanayambe kuluka nkhokwe. Koma masiku otsalawo anawathera pabwalo, kuwotha dzuwa, kuyimba, kulalatira nkhuku za eni, ndipo palibe anayesanso kumulowetsa m'nyumba.

Umo ndi mmene unayambira mwambi uja, ana inu: papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Moto sufunsa munthu, imfanso sifunsa, ndipo palibe amene adzaizembe. Koma sitikhala pansi kuilirira isanafike. Lero ndiye mbali imene yapsa. Idyani, mugawireko amene mumamukonda, ngakhale zala zipse.