Mazira Zikwi Zitatu, Njinga Imodzi

Kalekale, koma osati kale la makolo ayi, kale la dzana lomweli, ku Mponela kunali mayi wina, a Nasimango, amene ankagulitsa anapiye. Mazira awo sankafungatiridwa ndi nkhuku, koma ndi makina, ndipo makinawo ankamvera kompyuta yaikulu yotchedwa seva. Mayiwo za seva sankazidziwa. Ankangoipukuta fumbi n'kuilankhula mwaulemu.

Tsiku lina m'mawa, mazira zikwi zitatu atatsala masiku awiri kuti aswe, mwana wawo wachiwiri, Pilirani, anagunditsa dzira patsaya lake n'kukuwa.

"Amayi, mazira akuzizira!"

"Koma kompyuta ikuti zonse zili bwino."

"Ikunama imeneyo!"

A Nasimango anagwira mazirawo, n'kupeza akuziziradi. Akasukusa onsewa, chaka chatha basi. Mantha ndi oipa, amalonjezetsa munthu asanaganize.

"Amene apulumutse mazira anga," anatero, "njinga yanga yamoto ndi yake!"

Pilirani sanadikire za kompyuta. Anawiritsa madzi, n'kuthira m'mabotolo, n'kuwandandalika m'makinamo. Anafundika makinawo mabulangete onse a m'nyumba, ngakhale chitenje cha kumpingo cha amayi ake sanachisiye. Maola atatu anali pakalikiliki, kusintha mabotolo, thukuta lili kamukamu.

Sautso, mwana woyamba, amene anatchera seva ija, anakhala pansi n'kufufuza zonse zimene kompyutayo inachita chidzukireni. Anapeza kuti antivayirasi, pulogalamu yolondera kompyuta, yagwira fayilo yolamula kutentha n'kuitsekera m'chitokosi. Fayiloyo inkayatsa ndi kuzimitsa zinthu kosalekeza, ndiye mlondayo anaiyesa mbava.

"Mlonda wamanga mwini nyumba," anatero Sautso. "Tingomuzimitsa."

"Ayi achimwene, musamukhudze!"

Ameneyo anali Akuzike, chitsirizira, amene anaika antivayirasiyo sabata yapitayo. Anatsegula chitokosi chija, ndipo taonani, akaidi analimo awiri, maina ofanana ngati mapasa. Wina anali fayilo ya kutentha, winayo anali vayirasi weniweni wodzibisa, wofufuta seva yonse. Akanazimitsa mlondayo osayang'ana, n'kutulutsa onse awiri, bwenzi kuli maliro.

"Nanga wathu ndi uti?" anafunsa a Nasimango.

Akuzike sanadziwe. Sautso anasuzumira, n'kuloza wocheperapo. Fayilo yake ankaidziwa kukula kwake. Akuzike anaitulutsa, n'kuilemba pamndandanda wa eni nyumba kuti mlonda asadzaigwirenso, winayo n'kumufufuta. Makina aja anayamba kulira kanyimbo kawo, kutentha n'kubwerera.

Patapita masiku awiri kunali tsiyo-tsiyo nyumba yonse. A Nasimango anavina pabwalo opanda ng'oma, nthungululu mpaka kumsewu, anthu odutsa n'kumafunsa kuti ukwati ndi wa ndani. Anasangalala mayi aja, misozi mpaka kutsika. Ali mkati movina, anaona ana atatu aja ataima mozungulira njinga, aliyense dzanja lili pachishalo.

"Ndikanapanda ine, mukanakonza seva ya mazira osukusa," anatero Pilirani.

"Mabotolo ako akanafungatira mpaka liti?" anayankha Sautso. "Vuto ndinalipeza ndine."

"N'kufuna kulikulitsanso," anatero Akuzike akuseka. "Ndinakugwirani dzanja ndine."

"Iwe khala chete. Unalemba mlonda ntchito osamuonetsa eni nyumba."

"Ndikanamuonetsa bwanji? Zonse za seva mumasunga m'mutu mwanu, simulemba paliponse."

Pilirani anaseka mpaka kugwira nthiti. Koma Akuzike anamutembenukira.

"Musaseke achemwali. Vayirasi uja analowa ndi kafulashi kanu ka nyimbo za kwaya."

Kuseka kwa Pilirani kunathera pomwepo, kwa enawo n'kuyambira pomwepo.

A Nasimango anayang'ana makiyi m'dzanja mwawo. Onse atatu anapulumutsa mazira, onse atatu anali ndi kamlandu kawo, ndipo onse atatu anawabereka okha. Anati amupatse Pilirani, dzanja linakana. Anati Sautso, linakananso. Njinga siduka patatu, ndipo lonjezo analinena pamaso pa onse. Mpaka lero makiyi aja akadali pamfundo ya chitenje, pomwe anapiye aja anakula n'kuyamba kuikira.

Tsono inu mwamva nkhaniyi, masulani mfundoyo. Njinga ipite kwa amene anafunditsa mazira, kwa amene anapeza mkaidi, kapena kwa amene anakana kuchotsa mlonda?