Zuze ndi Mpata Woseka

Panali munthu wina wochita zisudzo, dzina lake Zuze. Anali ndi gulu la anthu asanu kuphatikizapo iye, ndipo kwa zaka khumi ndi ziwiri ankazungulira nalo m'maholo a sukulu ndi a matchalitchi. Zisudzo zake sankalemba papepala. Ankangoyang'ana nkhope za anthu. Akaponya mawu, ankaima chilili, maso tong'o, kudikira kuti anthu aseke. Akamaliza kuseka ndiye ankaponya ena. Anzake ankawaphunzitsa kuti, "Phwete ndi mlendo. Akafika, mpatseni mpando."

Luso anali nalo, zimenezo sitingamumane. Koma anali ndi kachilema komwe ambiri a ife tili nako. Khutu lake linazolowera kudyetsedwa. Tsiku likatha osamva anthu akumuwombera m'manja, kunyumba kwake kunalibe mtendere, ngakhale mwana wopempha mchere ankakalipiridwa.

Kenaka kunagwa mliri uja wotitseka pakamwa ndi pamphuno. Misonkhano inaletsedwa. Maholo onse anakhomedwa maloko. Gulu la Zuze linayamba kuphwasuka. Mmodzi anayamba kugulitsa mamasiki pamsika, wina anabwerera kumudzi kukalima. Anatsala atatu: Zuze, mnyamata wina woimba ng'oma, ndi Nachisale, mayi amene nthawi zonse ankasewera ngati mpongozi wovuta.

Tsiku lina mkulu wa wailesi yaing'ono ya m'deralo anawaitana. Anati, "Lamulungu lililonse masana ndikupatsani theka la ola. Anthu atsekeredwa m'nyumba, ndipo atopa ndi kumva zolengeza maliro. Aseketseni."

Zuze anapotoza pakamwa. Nachisale anati, "Achimwene, tiyeni tikayese. Anthu athu aja sanasamuke ayi, angolowa m'nyumba." Zuze anavomera, koma mokokedwa ngati mbuzi yopita kumsika.

Anawalowetsa m'kachipinda kopanda zenera. Makoma ake anali okutidwa ndi mathileyi a mazira kuti mawu asamabwerere. Pakati panali maikolofoni imodzi. Kuseri kwa galasi kunakhala wokonza mawu, mutu uli pansi, akupotokola timabatani take. Nyali yofiira inayaka.

Anasewera chisudzo chawo chakale cha mwamuna waumbombo. Apongozi atabwera kudzacheza, iye anabisa tambala pansi pa bedi, n'kunena kuti nkhuku zonse zinatha ndi chitopa. Ali pakati pa kudandaula, tambala uja analira. Zuze anati, "Musaope apongozi, umenewo ndi mzimu wake."

Anaima, kudikira phwete. Zii.

Anaponya mawu ena, anaimanso. Zii. Wa kuseri kwa galasi uja sanadzutse n'komwe mutu. Kachitatu anadikira nthawi yaitali, thukuta likuyenderera m'khosi. Mawu amene m'holo ankagwetsa anthu pamabenchi, muno anangomezedwa ndi makoma.

Nyali itazima, anatola jekete lake lazigamba limene ankavala posewera.

"Ine sindiseketsa mathileyi a mazira," anatero. "Chisudzo ndi anthu. Holo ikatsegulidwa mudzandipeza kunyumba."

"Achimwene, anthuwo ndi omwe akumvera panowa," anatero Nachisale.

"Akumvera? Mwawaona? Inu chemwali pitirizani kucheza ndi khoma. Ine ayi."

Anatuluka, chitseko n'kumenyetsa.

Tsono tamvani zimene munthuyu anachita kwa miyezi isanu ndi iwiri. Loweruka lililonse ankayanika jekete lija padzuwa kuti lisachite nguwi. Akatero ankapita kuholo kukagwedeza loko, kuona ngati latseguka. Munthu wamkulu ndithu, wandevu zake, kukalimbana ndi loko ngati loko ndiye linabweretsa matenda! Lamulungu masana ankalamula kuti wailesi ya m'nyumba mwake izime. Mkazi wake akalankhula, ankayankha kuti, "Luso langa si lotaya." Ankaganiza kuti akusunga ulemu wa ntchito yake. Kunena zoona, ankangonyanyala, ndipo kunyanyala kwa munthu wamkulu kumatopetsa kuposa kwa mwana.

Nachisale ndi woimba ng'oma uja sanasiye. Anaphunzira kuliza mpando kuti umveke ngati chitseko, ndi kupondaponda nsapato m'beseni la mchenga kuti zimveke ngati munthu akubwera. Koma poopa zii uja amene anathamangitsa mkulu wawo, ankalankhula mosalekeza, mawu pamwamba pa mawu.

Zuze anamva mphekesera zoti awiriwo akugwiritsabe ntchito dzina la gulu. Zinamuwawa. Lamulungu lina masana anavala masiki ndi chipewa, n'kunyamuka ulendo wa kuwailesi kuti akawadikire pakhomo ndi kuwaletsa. Njira yake inadutsa pakati pa nyumba. Anamva kuseka kuseri kwa mpanda. Anayenda pang'ono, anamvanso kuseka m'nyumba ina. Pakhonde lina anapeza mkulu wina wosoka zovala, atakhala yekha, kawailesi kali pamwamba pa makina. Zuze anaima chapatali, n'kufunsa ngati sakudziwa.

"Zikomo bambo. Mukumvera chiyani?"

"Zisudzo," anayankha telala uja. "Akuyesetsa anawa, koma amathamanga. Iwe ukuseka, iwo apita kale, mawu ena n'kukudutsa. Analipo mnzawo wina, Zuze. Uja ndiye ankaidziwa ntchito. Anabwera kamodzi kokha."

Telala anapitiriza.

"Linali tsiku la tambala wa pansi pa bedi. Mayi a kunyumba kuno anali m'chipinda umo, tinawapatula okha chifukwa cha matendawa. Wailesi ndinawaikira pazenera apo. Atamva za mzimu wa tambala anaseka mpaka kutsokomola. Iye uja n'kudikira. Atapuma bwino, ndiye anaponya ena. Anasekanso, iye n'kudikiranso. Anandiitana, akuti, 'Bambo, munthuyu akundiona.' Kuyambira tsiku limene anadwala ndinali ndisanawamve akuseka."

"Ali bwanji pano?" anafunsa Zuze.

"Lamulungu lotsatira anafunsa kuti, 'Wabwera wa tambala uja?' Ndinati sanabwere. Linalo anafunsanso. Lachitatu lake kunalibe wofunsa. Tinakawaika m'manda tili anthu ochepa, mwambo wake wothamanga." Telala anatsitsa mawu a wailesi. "Ena akuti Zuzeyo nayenso anapita ndi mliri womwewu. Ndikhulupirira n'zoona. Munthu wamoyo sakanatisiya pa nthawi ngati ino."

Zuze anali ataseketsa maholo odzaza, osasowa chonena ngakhale tsiku limodzi.  Koma apa masiki sanavule, dzina sanatchule. Manyazi anamugwira, ndipo anali manyazi oyenera. Anangoti, "Pepani bambo," n'kumapita.

Anafika kuwailesi nyali yofiira itazima kale. Nachisale anamuona pakhomo, n'kufunsa, "Mwabwera kudzatiletsa, achimwene?"

"Ndabwera kudzakuuzani kuti mumathamanga," anatero.

Lamulungu lotsatira analowa m'kachipinda kaja. Anaponya mawu, n'kuima. Zii uja analipo, yemweyo, sanasinthe. Zuze anadikirabe nthawi yokwanira kuti munthu wodwala athe kuseka, kutsokomola ndi kupuma. M'nyumba zambiri anthu anaseka tsiku limenelo. Koma pazenera lija panalibenso womvera, ndipo madzi akatayika saoleka.

Tsono inu oimba, ovina, osewera, ngakhale inu olalikira ndi ophunzitsa, ndikufunseni. Masiku ano mukuti ntchito yaima chifukwa holo yatsekedwa. Chimene chatsekedwa ndi ntchito yanu kodi, kapena ndi khutu lanu lasowa chakudya? Ndatopa kumva anthu aluso akuti, "Tidikira zinthu zibwerere mwakale," manja ali m'thumba. Amene akukufunani sangathe kudikira nanu. Ngati pakhomo patsekedwa, pitani pazenera. Musamayese ntchito yanu ndi m'manja mmene mwamva, pakuti amene wathandizidwa kwambiri nthawi zina ali kuseri kwa khoma, ndipo mphamvu zowomba m'manja alibe.

Pali wina akufunsa lero ngati mwabwera. Musadikire Lamulungu lachitatu.