Gologolo Apita Kukathokoza a Fisi

Chikwangwani cha pa yadi ya a Fisi chinkati: "Galimoto ya mamiliyoni asanu ndi atatu, lero mamiliyoni atatu okha." Gologolo anachiwerenga kawiri n'kukanda kumutu. Fisi anayamba liti kugawa nyama?

Koma mtedza unali utaunjikana kumunda, chonyamulira palibe. Anazungulira kagalimotoko, kugogoda matayala, kununkhiza injini, kusuzumira kunsi. Chimodzi chokha sanafunse: bwanji magalimoto onse pa yadipo anaimikidwa pamtsetse, mphuno zitaloza kumunsi?

A Fisi anati inali ya a Njovu, ogula fodya aja, ndipo sinadwalepo. Anachotsa mwala kutayala, galimoto n'kutsetsereka, n'kulira bwinobwino. Gologolo anapereka ndalama zonse za zokolola za chaka chatha.

Atafika pachidikha, galimoto inatsokomola kawiri n'kuzima. Nungu makaniko atatsegula kutsogolo anapukusa mutu, nati ngakhale miliyoni imodzi ikanakhala yowonjeza.

Gologolo anakwera chitunda chija wapansi. A Fisi anangomulozera kachikwangwani kena kuseri kwa chitseko: chogulidwa sichibwezedwa.

"Munaiyesa nokha, achimwene. Kodi sinalire?"

Wina akanathamangira kukasuma. Gologolo anagona nayo nkhaniyo masiku angapo, kenako anatulukira atasenza lichero la mtedza, akumwetulira.

"Ndabwera kudzathokoza, bwana. Tsiku lija ndinalankhula mopusa."

A Fisi analandira mtedzawo modabwa. Zaka khumi akugulitsa magalimoto, anatukwanidwapo, anagendedwapo, koma kuthokozedwa ayi.

M'mawa mwake Gologolo uyo, nkhuku kukhwapa. Anapempha mwaulemu kuti a Njovu asauzidwe amene wagula galimoto yawo. Potuluka anacheuka: kodi mpando wakumbuyo uja alipo anaumasulapo? A Fisi anati ayi. Gologolo anausa moyo ngati watula mtolo, n'kumapita.

Ulendo wachitatu anabwera ndi pepala loti a Fisi asaine, lonena kuti chilichonse chopezeka m'galimotomo n'cha wogula. Anati n'zamwambo chabe, popeza Loweruka Nungu abwera ndi sipanala, mabawuti a mpando uja amukanika yekha.

Apa mutu wa a Fisi unayamba kuthamanga. Zoti a Njovu sakhulupirira banki ankadziwa aliyense. Nanga ndalama za fodya ankazibisa kuti?

"Achimwene, mtima wanga sukupeza mtendere. Ndinakudulitsani. Bweretsani galimotoyo ndikubwezereni zanu."

"Chogulidwa sichibwezedwa, bwana. Ndinawerenga kuseri kwa chitseko."

"Ndiye mundigulitse."

A Fisi anatchula atatu ndi theka, Gologolo n'kuwatambasulira pepala lija. Anatchula anayi, iye n'kuyang'ana dzuwa ngati wachedwa kwina. Pa anayi ndi theka anavomera, koma monyinyirika, ngati akumuzula dzino. Anawerenga ndalamazo kawiri, nati galimoto ili pachidikha pomwe paja, akaitenge.

A Fisi sanafune maso a wina aliyense pa chuma chawo. Anaikankha okha chitunda chonsecho, lilime lili panja. Anazula mpando, kung'amba zitseko, kuboola pansi. Anapeza chisa cha mbewa ndi kandalama kachitsulo ka makwacha khumi.

Atakadandaula kwa a Kadzidzi oweruza milandu, anafunsidwa bodza limene Gologolo ananena. A Fisi anaganiza, naganizanso. Panali mtedza, nkhuku, funso limodzi ndi pepala losasainidwa. A Kadzidzi anafunsanso ngati nkhukuyo anadya. Anati anadya.

Gologolo lero akututa mtedza pa ngolo yatsopano, ndipo akaona mtsetse amaseka yekha. Galimoto ija ikadali pa yadi, yopanda mpando. Amene anailipira ndi mwini wake yemwe, ndipo anatayapo miliyoni imodzi ndi theka. Tichotsepo makwacha khumi aja, tisawanamizire.