Tsiku Limene Ndevu za a Gwaza Zinayaka

Ana inu mumaseka mukamva mwambi wa ndevu zopsa. Ndakuonani. Mumafunsa kuti kodi munthu wanzeru zake angapse bwanji ndevu. Tcherani khutu, ndikuuzeni kumene mawuwa akuti anachokera.

Kalekale, makasu asanayambe kugulitsidwa m'sitolo, khasu linkabadwa kuchokera m'mwala. Sindikukokomeza. Amisiri ankakumba miyala yofiira m'phiri, n'kuithira pamodzi ndi makala m'ng'anjo yadothi yotalika ngati munthu. Kenako ankavukuta mivukuto yachikopa yopemerera moto kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mwala uja unkatuluka uli chitsulo. Mpaka lero ndikaziganiza thupi limachita tsemwe. Kodi anauza munthu woyamba ndani kuti m'kati mwa mwala muli khasu?

Kuseri kwa phiri lina lotchedwa Chamtapo kunali midzi isanu ndi iwiri, mudzi uliwonse ndi mmisiri wake wosula. Wamkulu wa onsewo anali a Gwaza. Amisiri a kumeneko sankameta ndevu, ndipo anthu ankadziwa zaka za luso la munthu poona kutalika kwake. Za a Gwaza zinkafika pamchombo. Ankazidzoza mafuta a nsatsi m'mawa uliwonse, ndipo panalibe munthu wololedwa kuzikhudza, ngakhale akazi awo.

M'mudzi mwa a Gwaza munadzakwatira bambo wina wochokera kutali, dzina lake Sankhulani, wa mfunda wa Mbewe. Anali mkamwini wopanda mbale m'dera lonselo, koma mtima wake unali pa chitsulo. Ndevu zake zinali zomvetsa chisoni, titsitsi khumi tongoyang'anizana pachibwano.

Tsiku lina ananyamula nkhuku n'kupita kwa a Gwaza.

"Bambo, ndabwera kuti mundiphunzitse ntchito," anatero atagwada.

"Iwe mkamwini, kuno unadzera mkazi kapena chitsulo?" anafunsa a Gwaza akusisita ndevu zawo. "Nkhukuyo isiye. Iweyo dzipita."

Anapitako katatu, ndipo nkhuku zitatu zinalowa m'khola la a Gwaza osabwerako kanthu. Wina akanafooka. Sankhulani anangoyamba kuyendera amisiri a midzi inayo. Nawonso sanamuphunzitse, poopa a Gwaza, koma iye sanaleke kupita. Kwa mmodzi ankathandiza kusenza makala. Kwa wina anasoka chikopa cha mvukuto chimene chinang'ambika. Mayi a mmisiri wina atamwalira, Sankhulani ndiye anayamba kulowa m'dzenje pokumba manda, chonsecho maliro sanali ake. Manja ankagwira ntchito, maso akuba luso.

Atatero anamanga ng'anjo yakeyake. Chaka choyamba inang'ambika. Chachiwiri munatuluka zibuma zakuda zofumbutuka m'manja. Chachitatu munatuluka kachitsulo kosakwana ngakhale mpeni wodulira ndiwo. Vuto linali lakuti ng'anjo imafuna mpweya wosadukiza, n'chifukwa chake amisiri ankavukuta anthu anayi mosinthana. Sankhulani ankavukuta yekha, pakuti panalibe wofuna kutaya tsiku lake pa ng'anjo ya mkamwini.

Chaka chachinayi a Chidzanja, atsibweni a mkazi wake, anamuitana. Sanali munthu woipa, koma ankaona nkhokwe ya mwana wawo ili yopanda kanthu.

"Akamwini, munda wamera tsekera inu mukusewera ndi moto," anatero. "Ng'anjo ya chaka chino ndi yomaliza. Ikakanika, nyundo mudzatipatse, mugwire khasu ngati anzanu."

Sankhulani anavomera ndi mtima wolemera. Mkazi wake Nangondo anangoti, "Kayeseninso, bambo. Mwezi uno ndisosa ndekha kumunda."

Tsiku loyatsa ng'anjo linafika m'nyengo yadzuwa, mvula ili pafupi. Ng'anjo ya Sankhulani ndi ya a Gwaza zinali pamtsetse umodzi, motalikirana poponya mwala. Sankhulani anavukuta kuyambira m'mawa, thukuta likuyenda ngati madzi. Dzuwa litafika paliwombo, anaona chimene anali asanachionepo pa ng'anjo yake. Lawi linasiya kufiira, n'kuyera mbee, ndipo m'kati munayamba kumveka mkokomo ngati wa mtsinje wodzaza. Anadziwa kuti ulendo uno mwala wavomera. Chotsala chinali kungogwira mivukuto mpaka dzuwa lipendeke.

Nthawi yomweyo a Gwaza anawerama kuti asuzumire pa kabowo ka ng'anjo yawo. Kamvuluvulu anadutsa pamtsetsepo, lawi linatuluka n'kunyambita ndevu zamafuta zija. Zinayaka ngati udzu wa padenga.

Amuna anayi a a Gwaza anali pomwepo. Awiri anali pamivukuto, ndipo ankadziwa kuti wosiya mvukuto wa mmisiri amapha chitsulo. Awiri enawo ankapuma, koma kuyambira ubwana wawo anauzidwa kuti ndevu zimenezo sakhudza. Onse anayi anangokuwa kuti, "Mayo! Ndevu! Ndevu!" osasuntha phazi.

Sankhulani anayang'ana lawi lake loyera lija, zaka zinayi za moyo wake. Anayang'ananso nkhalamba imene inamudyera nkhuku zitatu, ikuzandima uku moto ukukwera kumaso. Anaponya mivukuto pansi n'kuthamanga. Anawagwetsa a Gwaza chagada, n'kufumbata ndevu zoyakazo ndi manja ake enieniwo, kuzifinya, kuzithira mchenga, kuzifinyanso, mpaka moto unazima.

Pobwerera ku ng'anjo yake anapeza lawi litafiiranso. Anayesa kugwira mivukuto, koma zikhatho zinali matuza okhaokha. Anakhala pansi n'kuonerera ng'anjo yake ikuzirala. A Gwaza anadzuka, ndevu zitatsala theka, n'kupita kwawo osanena ngakhale zikomo.

Dzuwa lisanalowe, nyundo inapita kwa a Chidzanja. Anainyamula ndi Nangondo, chifukwa mwini wake sakanatha kuigwira. Ine pamenepa ndi pamene chisoni chimandigwira nthawi zonse.

Panapita masiku anayi. M'mawa wa tsiku lachisanu anthu anamva nyimbo ikutsika m'njira ya kuphiri, ndipo anatuluka m'nyumba kukaona. Kunali mdipiti wa amuna, ena atasenza madengu a makala, ena miyala yofiira, ena mivukuto pamapewa. Amisiri onse a midzi isanu ndi iwiri anali pamenepo, chinthu chimene ngakhale nkhalamba zinali zisanachionepo. Patsogolo panali a Gwaza, ndevu zopsa zija zili poyera.

Kuti mumvetse, mmisiri wopsa ndevu ankabisala m'nyumba mpaka zitameranso, chifukwa anali manyazi aakulu. Koma a Gwaza anayenda midzi yonse masana, ana akuwaloza, kukaitana anzawo. Ndipo akuti sanavutike kupempha. Atangotchula dzina la Sankhulani, wina anati, "Uja anandisenzera makala?" Wina anati, "Mvukuto wangawu anasoka ndi iyeyo." Wachitatu anangolowa m'nyumba kukatenga zida, pokumbukira manda a mayi ake.

A Gwaza anaima pakhomo pa a Chidzanja.

"Mawu anu ndinawamva, munati ng'anjo yomaliza," anatero. "Koma ng'anjo ija sinafe yokha, inafera ine. Ndabwera kudzaibweza. Tipatseni nyundo."

A Chidzanja anaitulutsa ndi manja awiri.

Anayatsa ng'anjo yomwe ija ya Sankhulani. Mivukuto isanu ndi iwiri inapuma ngati chifuwa chimodzi, amuna akusinthana, nyimbo osaduka, mpaka nthaka inkanjenjemera kumapazi. Sankhulani anaima patali, manja atakulungidwa masamba, osadziwa chochita.

"A Mbewe, tasenderani kuno," anaitana a Gwaza. Kanali koyamba kumutchula ndi mfunda wake. "Lero manja anu apume, ntchito ndi ya maso. Ng'anjoyi ndi yanu. Mutiuze ndinu nthawi yothira makala."

Mkamwini uja analamula amisiri asanu ndi awiri tsiku lonse, ndipo sanaphonye ngakhale kamodzi. Zonse zimene anaba ndi maso zija zinali m'mutu.

Dzuwa litapendeka, anaboola ng'anjo. Chitsulo chinagubuduka chachikulu ngati dzungu, chowala moti maso sakanatha kuchipenya. Nyimbo inaleka. Amuna amene anakulira pamoto anabwerera m'mbuyo, ena kugwira pakamwa. A Gwaza anachimenya kamodzi ndi nyundo ya Sankhulani, ndipo chinalira ngwee, phiri n'kuyankha. Amayi, amene ankaonerera ali pachulu chifukwa sankaloledwa kuyandikira ng'anjo, analuluta nthungululu, Nangondo akulira misozi.

Pamenepo a Gwaza anatembenukira kwa amuna awo anayi aja, amene anazyolika.

"Inu munasunga mwambo wanga, uyu anasunga moyo wanga," anatero. "Imvani, ndipo mukauze ana anu. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako."

Akuti mwambiwu unayambira pamenepo. Tanthauzo lake ndi lakuti mnzako akagwa m'mavuto, umuthandize msanga, ngakhale utatayapo chako, chifukwa tsiku lako likubwera ndipo sudziwa amene adzakhale pafupi. Sukuti uzithandiza anthu ukuwerengera zimene adzakubwezere. Sankhulani pothamanga paja sankayembekeza kanthu, ankadziwa kuti akutaya zonse.

Inu amene mukufuna kudzakhala atelala, oimba, akalipentala kapena aphunzitsi, limbikirani ngati iye, ng'anjo ikafa mumangenso. Koma luso lokha silikwana. Sankhulani anali nalo luso chaka chachitatu chomwe, chimene ankasowa ndi anthu omugwirira mivukuto. Anthuwo anawapeza posenza makala a eni ndi pokumba manda a eni.

Anakhala mmisiri wotchuka, ndipo makasu ake analima midzi yonse isanu ndi iwiri. Ndevu zake zokha ndi zimene zinakana kukula, zinakhalabe khumi zomwe zija. Mlendo akamufunsa moseka kuti, "Nanga inu amisiri, ndevu zili kuti?" iye ankangotambasula zikhatho zake zazipsera, ndipo mlendoyo ankasiya kuseka.